Njira za ku Gombe la Salima: Kuchokera pa Machila Kufika pa Njinga Yamoto

Gombe la Salima ndi chigwa chotentha chimene chagona pakati pa zitunda za Dowa ndi Dedza kumadzulo ndi nyanja ya Malawi kuvuma. Wochokera ku Lilongwe amapatuka pa Kanengo n'kutsata msewu wa M14, womwe umadutsa pa Chezi ndi kufupi ndi Mvera usanatsetsereke kulowa m'chigwa. Kuchoka mumzinda kukafika pa boma la Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo kuchoka pa bomapo kukaponda mchenga wa ku Senga Bay ndi enanso 20. Lilongwe ali pamwamba mamita oposa 1,000 kuyerekeza ndi nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474, kotero kuti paulendo wa maola awiri okha munthu amatsika mamita oposa 500. Wa m'galimoto amangoona kuti misuku ndi mombo yatha, kwayamba milambe ndi migwalangwa. Wa pa njinga yamoto amakumva kutsikako pakhungu, chifukwa mphepo yozizira ya kumtunda imasanduka chifundizi asanafike n'komwe pa Kamuzu Road ku Salima. N'chifukwa chake okwera njinga zamoto, a kuno ndi ochokera kunja omwe, amaukonda msewu umenewu. Komabe ulendo wongokaona malo ndi kukadya chambo ndi wa dzulodzuloli m'dera lino. Kwa zaka mazanamazana anthu ankatsikira ku gombeli kuti awoloke nyanja kapena atenge katundu, ndipo malo oimapo ndi odyerapo akhala akusuntha nthawi iliyonse imene kayendedwe kasintha.

Umboni wina wakale wa maulendo aatali uli kumwera kwa chigwachi, ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, komwe kunali likulu la Kalonga wa Amaravi. Katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi atakumba pamalowa anapeza mikanda yagalasi, zibenthu za mbale za ku China, zinthu zamkuwa ndi zaminyanga ya njovu. Katundu wotere ankachoka ku magombe a nyanja ya Indian Ocean pamitu ya anthu, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti zaka 400 zapitazo chigwachi chinali kale panjira ya malonda.

M'zaka za m'ma 1800 njira imeneyi inagwera m'manja mwa Ayao ndi Aswahili. Ayao ochokera kuvuma kwa nyanja anakhazikika m'mbali mwa gombe, ndipo maina a mafumu monga Maganga, Pemba ndi Kuluunda akadali amoyo m'boma la Salima mpaka lero. Kumpoto, ku Nkhotakota, Jumbe Salim bin Abdullah anamanga mudzi wake cha m'ma 1840, nayamba kuwolotsa minyanga ndi akapolo pa zombo zamatanga kupita tsidya lina, komwe ulendo unkapitirira wapansi mpaka ku Kilwa. Cha ku Senga nyanja ndi yopapatiza, moti tsiku lopanda nkhungu mapiri a kwa Makanjira amaoneka bwinobwino, ndipo pamenepa panali powolokera pena. David Livingstone anafika ku Nkhotakota mu 1861 nabweranso mu 1863, ndipo mkuyu umene akuti anakhalapo pansi pake ukuonetsedwabe kwa alendo. Angerezi atalengeza ulamuliro wawo mu 1891, Harry Johnston anamenyana ndi Makanjira kwa zaka zingapo. Mkulu wa asilikali ake, Cecil Maguire, anaphedwa pa gombe la kwa Makanjira mu Disembala 1891, ndipo malonda a akapolo panyanjayi anadzatheratu cha m'ma 1895. Nyengo yowawayi inasiya zizindikiro zimene mlendo amaziona osadziwa kumene zinachokera: mizikiti ya m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay, migwalangwa yosakanizana ndi mitengo ya kokonati ku Nkhotakota, ndi chizolowezi cholima mpunga m'madambo, chomwe chinakula kwambiri m'nthawi ya a Jumbe. Mbale ya mpunga ndi nsomba imene mlendo amaitanitsa lero inabadwira m'mbiri imeneyi.

Sitima zapamadzi zinatembenuza njira. Yoyamba, Ilala, inalowa m'nyanja mu Okutobala 1875 itanyamula amishoni a ku Scotland, Robert Laws ali m'gulumo, ndipo kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitcha Mandala, inatsatira ndi sitima zake itakhazikitsidwa mu 1878. Sitimazi zinkayenda kuchoka kumwera kupita kumpoto, osati kuwoloka kuchoka kumadzulo kupita kuvuma ngati zombo za a Jumbe. Zinkayendera nkhuni, choncho zinkaima pafupipafupi kuti zilongeze mitengo, ndipo pamalo oterewa anthu a m'midzi ankabwera ndi nkhuku, mazira, ufa ndi nsomba zouma. M'dera la Salima doko lalikulu linali Domira Bay, kumpoto kwa Senga. Amishoni a Dutch Reformed, A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, atatsegula mishoni ya Mvera mu 1889 m'dziko la Inkosi Chiwere, katundu wa kumtunda ankatsikira pa gombeli n'kukwera chitunda pamitu ya amtengatenga. Mzungu mwiniyo ankagona m'machila, gulu la amuna likulandirana mtengo paphewa.

Ng'ombe ndi ngolo sizikanathandiza, chifukwa chigwachi chinali ndi kashembe. Ntchentche imeneyi imapha ng'ombe ndi akavalo, ndipo kwa anthu imafalitsa kaodzera. Matendawa atabuka m'dera la Domira Bay, boma linaletsa anthu kuyenda momasuka m'chigwamo, ndipo gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi David Bruce linamanga msasa pa phiri la Kasu, kumtunda kwa chigwachi, kuyambira mu 1912 mpaka nkhondo ya 1914 itayandikira. Kusowa kwa ziweto zokoka katundu kunatanthauza kuti mtolo wonse ugwere pa msana wa munthu, ndipo msonkho wa nyumba ndiwo unkakankhira amuna ku ntchito yotereyi. Apa m'pamene njinga yamoto inalowera m'mbiri ya dziko lino. Amishoni ndi mabwana a boma anayamba kuigwiritsa ntchito m'zaka zoyandikira nkhondo yoyamba ya padziko lonse, pamene magalimoto anali owerengeka ndipo misewu yambiri inali njira zolimidwa ndi makasu. Mthuthuthu unkakwana m'kanjira ka anthu oyenda pansi, ndipo pamtsinje wopanda mlatho amuna angapo ankatha kuusenza pamtengo n'kuwolotsa. Unali chida cha ntchito, cha wansembe woyendera masukulu ndi cha bwana wotolera msonkho. Zoti munthu angaukwere pongofuna kuona nyanja zinali zisanabwere.

Chimene chinapanga tauni ya Salima ndi njanji. Sitima yapamtunda inafika ku Blantyre mu 1908, koma panapita zaka zoposa 25 isanapitirire kumpoto. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana, wotalika pafupifupi makilomita 3.7, unatsegulidwa pa mtsinje wa Zambezi, ndipo chaka chomwecho njanji yochokera ku Blantyre, yodzera ku Balaka, Sharpevale, Golomoti ndi Chipoka, inafika pa Salima. Maganizo oyamba anali oti ikathere ku Domira Bay, koma m'zaka zimenezo nyanja inkakwera chaka ndi chaka. Kuyambira cha m'ma 1915 mtsinje wa Shire unali utatsekeka ndi mchenga pamatsiriro a nyanja, madzi akungodzadza osatuluka, mpaka anadzaboola mu 1935. Gombe lotsika la Domira silinali lodalirika, choncho Chipoka ndiye anasanduka pokumanira sitima yapamtunda ndi yapamadzi, ndipo njanji inathera pamtunda, pa Salima. Domira Bay, amene dzina lake linkatchulidwa m'makalata onse a boma, anazimiririka pang'onopang'ono, moti lero oyendetsa ambiri amamudutsa patali osamudziwa.

Pa siteshoni ya Salima pankafika malole a fodya, mtedza ndi chimanga ochokera ku Lilongwe ndi Dowa, komanso thonje la m'chigwa momwemo, lomwe kafukufuku wake ankachitikira ku Chitala. Amwenye anamanga masitolo pafupi ndi njanji. Pa siteshoni iliyonse amayi ndi ana ankathamangira m'mawindo a sitima ndi madengu a nthochi, mizimbe, chinangwa chophika ndi nsomba zowamba. Malonda a chakudya cha apaulendo anakulira pamenepa, ndipo mtundu wake sunasinthe kwenikweni: chakudya chotsika mtengo, chodyeka ndi manja, chogulitsidwa mofulumira galimoto isananyamuke.

Njanji yomweyi ndi imene inabweretsa alendo oyamba ongodzapuma. Azungu a ku Zomba ndi Blantyre, ndi alimi a fodya a ku Lilongwe, anayamba kupita ku Senga Bay patchuthi, ndipo hotela ya Grand Beach inamangidwa pansi pa mapiri a Senga kuti iwalandire. Ndiyo imene pambuyo pake inatchedwa Livingstonia Beach, ndipo lero ili m'manja mwa kampani ya Sunbird. M'masiku a atsamunda munthu wakuda ankalowa m'malo otere ngati wophika, wochapa kapena wopalasa bwato. Kwa kanthawi kochepa, kuyambira kumapeto kwa 1949 mpaka mu 1950, ndege za kampani ya BOAC zotera pamadzi zinkaima ku Cape Maclear paulendo wa pakati pa England ndi South Africa, koma zimenezi zinatha msanga. Chokhalitsa chinali sitima ya Ilala yachiwiri. Sitima ya Vipya itamira mu Julayi 1946 n'kupha anthu 145, sitima yatsopano inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira mpaka ku Chipoka, ndipo inayamba kuyenda mu 1951.

Msewu wa m'mbali mwa nyanja ndi wa nthawi ya ufulu. Dr Kamuzu Banda ankakonda kunena kuti ali m'ndende ya Gwelo, kuyambira mu Malichi 1959 mpaka mu Epulo 1960, analota zinthu zitatu: kusamutsira likulu ku Lilongwe, kumanga yunivesite ku Zomba, ndi kulambula msewu wotsata nyanja. Zonse zitatu zinachitika, ndipo ziwiri mwa izo zinasintha Salima. Mu 1968 ntchito ya chitukuko cha ulimi m'chigwachi inayamba ndi thandizo la West Germany, ndipo inabwera ndi misewu ya m'midzi, mijigo ndi misika ya thonje ndi mpunga. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, Senga Bay inasanduka nyanja yapafupi kwambiri kwa akuluakulu a boma, akazembe ndi antchito a mabungwe. Njanji inapitirizidwa kuchoka pa Salima kukafika ku Lilongwe mu 1979 ndi thandizo la Canada, kenaka ku Mchinji. Msewu wa M5 unamangidwa chigawochigawo kwa zaka zambiri, kuchokera cha ku Balaka kudzera ku Golomoti, Mtakataka, Chipoka ndi Salima, n'kupitirira ku Nkhotakota, Dwangwa, Nkhata Bay mpaka ku Mzuzu. Phula litagona, malonda anachoka ku siteshoni n'kusamukira kumsewu. Pa Kamuzu Road ndi pa Kaphatenga, pomwe misewu imakumana, ndi pomwe lero pamanunkhira chiwaya, pamene masiteshoni ambiri a sitima angotsala zipupa.

Mlendo wochokera kunja m'zaka zimenezo ankakumana ndi malamulo amene ana a masiku ano amawamva ngati nthano. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 linkaletsa akazi kuvala thalauza kapena siketi yaifupi, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa pachipata cholowera m'dziko. Mkazi wokwera njinga yamoto ankayenera kumanga chitenje pamwamba pa thalauza akatsika mtauni, ngakhale kuti m'mahotela a kunyanja lamuloli silinkagwira ntchito. Alendo ambiri anali a ku South Africa, popeza Malawi anali atapangana ubale ndi boma la kumeneko mu 1967, pamene maiko ena a mu Africa ankalisala. Koma njira yapansi inali yoopsa. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992, inachititsa kuti magalimoto odutsa ku Tete aziyenda mumdipiti moperekezedwa ndi asilikali. Nkhondoyo itatha, lamulo la kavalidwe litachotsedwa, ndiponso tsankho litagwa ku South Africa mu 1994, Malawi analowa mokwanira panjira ya anthu oyenda kuchoka ku Cairo kupita ku Cape Town. Mu 2007 Ewan McGregor ndi Charley Boorman anadutsa m'dziko lino pa njinga za BMW paulendo wochokera ku John o' Groats ku Scotland, ndipo pulogalamu yawo ya pa kanema, Long Way Down, inaonetsa nyanjayi kwa anthu ambiri okonda maulendo otere.

Komabe kusintha kwakukulu sikunabwere ndi alendo. Salima, pokhala dziko lathyathyathya, wakhala kwa nthawi yaitali kwawo kwa kabaza wa njinga zakapalasa. Kuyambira m'zaka za m'ma 2010 njinga zamoto zotsika mtengo, zopangidwa ku China ndi ku India, zambiri zolowera ku Mozambique ndi ku Tanzania, zinasefukira m'dziko muno, ndipo anyamata ambiri anasiya kupalasa. Lero njinga yamoto imanyamula mayi wopita ku sikelo, matumba a mpunga a ku Lifuwu, madengu a usipa ochokera ku gombe, ngakhale mbuzi. Kwa wapaulendo wautali zimenezi zili ndi ubwino wake: pamsika uliwonse pali womata matayala ndi makaniko wodziwa tcheni ndi mabuleki. Njinga yaing'ono yofanana ndi ya akabaza imakonzeka paliponse, pamene yaikulu ya ku Ulaya ikathyoka kachitsulo imadikira masabata kuti kabwere kuchokera ku Johannesburg. Kuipa kwake n'kwakuti akabaza ambiri alibe ziphaso, sanaphunzire malamulo a pamsewu, ndipo amanyamula anthu awiri kapena atatu opanda zisoti. Zipatala za boma zakhala zikudandaula ndi kuchuluka kwa othyoka mafupa pa ngozi za njinga zimenezi.

Wokonza ulendo wa ku gombeli masiku ano amayamba ndi nyengo. Mvula imagwa kuyambira mu Novembala kapena Disembala mpaka mu Epulo, ndipo mitsinje yochokera kumapiri, monga Linthipe, Lifidzi ndi Lingadzi, imadzadza mwadzidzidzi. Si zachilendo kumva kuti mlatho wa pa M5 wakokoloka. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti kumakhala kozizirirapo ndipo misewu yafumbi imauma, koma ndi nyengonso ya mphepo ya mwera, imene imautsa mafunde n'kuletsa asodzi kulowa m'madzi, kotero kuti nsomba zimasowa ndi kukwera mtengo. Mu Okutobala ndi Novembala chigwachi chimaotcha moti wovala jekete lochindikala amayenera kunyamuka mbandakucha. Wolowa ndi njinga yakunja amadzera pa Songwe akachokera ku Tanzania, pa Mchinji akachokera ku Chipata, kapena pa Dedza ndi Mwanza akachokera ku Tete, ndipo amafunika chikalata cholowetsera njingayo kwa kanthawi, inshulansi, ndi chiphaso choyendetsera, zomwe apolisi amazifunsa pa marodibuloko. Petulo ndi nkhani ina. Dziko lino linasowa mafuta kwambiri mu 2011 ndi 2012, ndipo vutoli labwereranso kangapo kuyambira mu 2022, choncho wanzeru amathira paliponse pamene wapeza, osadalira a m'zigubu amene nthawi zina amakhala osakaniza. Usiku sayenda, chifukwa m'mbali mwa msewu mumakhala njinga zopanda nyali, ngolo, mbuzi ndi anthu, ndipo m'mphepete mwa phula ndi modyeka.

Njira zolowera m'chigwachi zilipo zingapo, ndipo yokoma kwambiri kwa wa njinga yamoto si yaifupi ija ya M14. Ndi ya ku Golomoti, yomwe imapatuka pa Masasa, kumwera kwa Dedza, n'kutsika chitunda mokhotakhota, chigwa chonse ndi nyanja zili poyera kutsogolo. M'makona a msewuwu anyamata amagulitsa tizidole tamatabwa ta magalimoto, mathirakitala ndi njinga zamoto, tosemedwa mosamala mpaka mawilo ake amazungulira. Pansi pa chitundacho, kumpoto kwa Golomoti, pali mishoni ya Mua, imene ansembe a White Fathers anaitsegula mu 1902. Mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada, omwe anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa pamenepa malo a zaluso a Kungoni, ndipo nyumba yosungiramo zakale ya Chamare ili ndi zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Munthu wofuna kumvetsa anthu a m'chigwachi sangapeze malo ena oposa amenewa, ndipo kuwadutsa mothamanga n'kudzimana. Kuchoka pa Mua msewu umadutsa pa Mtakataka ndi pa Ngodzi kukafika ku Chipoka, komwe doko lakale lili duu.

Pafupi ndi boma la Salima pali nkhalango ya Kuti, momwe muli mbidzi, mphalapala ndi nyama zina zosalusa, ndipo kumapiri a kumadzulo kuli nkhalango ya Thuma yomwe ikusungabe njovu. Msewu wa ku Senga Bay umadutsa pa sukulu ya asilikali ya MAFCO ndi m'misika ya mipando, mikeka, madengu ndi ziboliboli. Kunyanjako, patsogolo pa hotela yakale ija, pali chilumba cha Namalenje, chodzadza ndi ng'azi ndi mbalame zodya nsomba, ndipo chakumwera kuli zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga, zomwe zili mbali ya Lake Malawi National Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inailemba m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba ta m'miyala ta mitundu yambirimbiri tosapezeka kwina kulikonse. Ku Kambiri, Stuart Grant anakhazikitsa malo oweta ndi kutumiza tinsombati kunja kwa anthu osunga nsomba m'magalasi. Gombe lomweli lakhalanso likulandira chikondwerero cha nyimbo cha Sand Music Festival, chimene anayambitsa Lucius Banda. Wopitirira kumpoto amadutsa pa Khombedza, Thavite ndi Benga, n'kuwoloka pa Chia, kenaka n'kufika ku Nkhotakota, komwe nkhalango yake inaperekedwa m'manja mwa African Parks mu 2015 ndipo inalandira njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017.

Chakudya cha m'njira chimatsata nyengo kuposa zofuna za mlendo. M'chilimwe, minda itatenthedwa, anyamata amaima m'mbali mwa M14 atanyamula mbewa zopanidwa pa timitengo. Cha mu Okutobala mpaka Disembala ndi nthawi ya mango, omwe m'Salima amachuluka mpaka kuwolera pansi, ndipo kuchulukaku n'komwe kunakopa kampani ya Malawi Mangoes kudzamanga fakitale m'bomali. Malambe, bwemba ndi masau zimagulitsidwa m'timilumilu miyezi youma, chimanga chootcha chimabwera ndi dzinja komanso ndi madimba, pamene tchipisi cha pachiwaya, kanyenya wa mbuzi, zitumbuwa ndi thobwa zilibe nyengo. M'malesitilanti a pamsika mbale yodalirika ndi nsima kapena mpunga wa kilombero ndi nsomba, ndipo kuyambira cha ku Nkhotakota nsima ya chimanga imayamba kusinthana ndi kondowole.

Nsombazo ndi zimene zasintha kwambiri. Chambo, chomwe chimalembedwa pa chikwangwani cha hotela iliyonse, chinachepa kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cha makoka a maso aang'ono ndi kuwonongeka kwa mabango ndi udzu wa m'madzi momwe ana ake amabisala. Lero nsomba ya tsiku ndi tsiku ndi usipa, umene asodzi amaukopa usiku ndi nyali n'kuukola ndi chilimira. M'mawa umayanikidwa pa thandala kapena kufutsidwa, ndipo umanyamulidwa pa njinga zamoto kupita ku misika ya kumtunda. Palinso utaka, mcheni, kampango wa mnofu wambiri ndi minga yochepa, ndi mpasa, yomwe imakwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe kukaswana ndipo tsopano ndi yosowa. Boma limatseka usodzi wa makoka kumapeto kwa chaka pofuna kuteteza chambo pa nthawi yoswana, choncho mlendo wopatsidwa chambo chaching'ono mu Novembala kapena Disembala ayenera kudziwa chimene akugula.

Salima ali ndi chitsanzo chake cha kasungidwe ka nsomba chomwe chinayamba boma lisanaganizeko zogwira ntchito ndi mafumu. Pa chilumba cha Mbenje, kumpoto kwa bomali moyang'anana ndi gombe la Chikombe, mafumu a m'deralo akhala akutseka usodzi chaka chilichonse kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo udindowu tsopano uli m'manja mwa mfumu yaikulu Makanjira ya m'boma lomweli, osati Makanjira wa kutsidya uja. Chilumbachi chimatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo ndi mwambo. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba, juga kapena kupha njoka, akazi sapitako, ndipo wophwanya malamulo amathamangitsidwa. Utaka wa ku Mbenje umadziwika ndi kukula kwake, ndipo akatswiri a zausodzi a m'dziko muno ndi akunja akhala akupita kukaphunzira mmene dongosololi limayendera.

Nyanja nayo ikupitiriza kusuntha malire ake monga inachitira m'masiku a Domira Bay. Mu 2024 madzi anakwera kwambiri mpaka kumiza mchenga, mipanda ndi nyumba zina za malo ogona alendo ku Senga Bay ndi m'magombe ena, ndipo timisewu tina topita kumadzi tinaduka. Pachifukwa chimenechi okonza maulendo amafunsiratu eni malo ngati gombe lawo likufikika, makamaka m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, pamene nyanja imakhala itadzadza kwambiri ndi madzi a dzinja.